Galimoto yakale isamayezedwe ndi mtengo wa pa okushoni wokha: nkhani ya Lancia Aurelia B20 GT

A Mkonzi,

Ndiloleni ndipemphe malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za magalimoto akale a ku Italy, makamaka aja amatchedwa Gran Turismo, chifukwa ndaona kuti nthawi iliyonse nkhani ya magalimoto amenewa ikalembedwa, chimene chimatsogola ndi mtengo. Timawerenga kuti mu 2018 Ferrari 250 GTO ya 1962 inagulitsidwa pa okushoni ku Monterey, m'dziko la America, pa madola 48.4 miliyoni, ndipo owerenga amagwira pakamwa, ena n'kumati anthu olemera asowa chochita ndi chuma chawo. Nkhaniyo imathera pomwepo, ngati kuti galimoto yakale ndi thumba la ndalama loikidwa pa matayala anayi. Kaonedwe kameneka sindigwirizana nako, ndipo kuti ndifotokoze chifukwa chake ndasankha galimoto imene dzina lake silimveka kwambiri masiku ano, koma imene akatswiri ambiri amati ndiyo inakhazikitsa mtundu wonse wa Gran Turismo. Galimoto yake ndi Lancia Aurelia B20 GT, imene inapangidwa mumzinda wa Torino, ku Italy, kuyambira 1951 mpaka 1958.

Mawu oti Gran Turismo amatanthauza ulendo waukulu, ndipo amakumbutsa za maulendo amene anyamata a m'mabanja olemera a ku England ankayenda m'zaka za m'ma 1700, kudutsa ku France mpaka kukafika ku Firenze ndi ku Roma. Kampani ya Alfa Romeo inali itagwiritsa kale dzinali pa galimoto yake ya 6C 1750 cha m'ma 1929, choncho sindikunena kuti a Lancia ndiwo anayamba kulitchula. Chimene iwo anachita ndi kupereka thupi ku dzinalo: galimoto ya zitseko ziwiri ndi denga lolimba, yokhala ndi malo a katundu wa anthu awiri, yotha kuthamanga tsiku lonse m'misewu ya m'mapiri popanda kutopetsa woyendetsa, komanso yoti mwini wake akafuna atha kumata nambala pachitseko Loweruka, kulowa mumpikisano Lamlungu, n'kubwerera nayo ku ofesi Lolemba.

Vincenzo Lancia, yemwe poyamba ankayendetsa magalimoto a Fiat pa mipikisano, anakhazikitsa kampani yake mu 1906, ndipo inadziwika msanga kuti inali kampani ya mainjiniya osati ya amalonda. Lancia Lambda ya 1922 inali ndi bodi yodzinyamula yokha popanda chasisi chapadera pansi pake, pa nthawi imene pafupifupi aliyense ankamangira bodi pamwamba pa zitsulo ziwiri zazitali ngati mmene amamangira ngolo. Vincenzo anamwalira mu 1937, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kampaniyo inali m'manja mwa mwana wake Gianni, yemwe anali ndi mwayi wokhala ndi Vittorio Jano, injiniya wotchuka amene anapanga magalimoto a mpikisano a Alfa Romeo. Aurelia yoyamba, ya zitseko zinayi, inatuluka mu 1950, ndipo dzina lake linachokera ku Via Aurelia, msewu wakale wa Aroma wochoka ku Roma kutsata gombe la kumadzulo kulowera ku Pisa. Ya zitseko ziwiri, imene ndikunena m'kalata ino, inatsatira chaka chimodzi pambuyo pake.

Pamene pali chidwi changa chachikulu ndi pansi pa boneti. Lero injini ya masilinda asanu ndi imodzi oikidwa ngati chilembo cha V imapezeka m'magalimoto osawerengeka, ndipo palibe amene amadabwa nayo, koma Aurelia ndiyo inali galimoto yoyamba kugulitsidwa kwa anthu ili ndi injini yotere. Opanga magalimoto ankaiopa chifukwa inkanjenjemera kwambiri, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti vutoli lilibe mankhwala. Injiniya wachinyamata wa ku Lancia, Francesco De Virgilio, anakhala pansi m'zaka za nkhondo n'kuwerengetsa masamu ake, mpaka anapeza kuti mizere iwiri ya masilinda ikatalikirana madigiri 60, ndipo pisitoni iliyonse ikapatsidwa malo akeake pa kirankishafuti, kunjenjemera kuja kumachepa kwambiri. Injiniyo inali yaifupi, ndipo popeza anaipanga ndi aluminiyamu, inalinso yopepuka. Munthu amene amayang'ana Aurelia yaima pa chionetsero sangathe kuona zimenezi, pakuti masamu a De Virgilio amamveka m'manja ndi mumsana wa woyendetsa pamene injini ikukwera liwiro mosatekeseka.

Sanalekere pa injini. Klatchi, giyabokosi ndi difu anaziphatikiza m'bokosi limodzi n'kuliika kumbuyo, pakati pa matayala awiri, kuti kulemera kwa galimoto kugawike mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Mabuleki a kumbuyo sanawaike m'kati mwa mawilo monga mwa chizolowezi, koma pafupi ndi bokosi lomwe lija, kuti mawilo akhale opepuka ndipo azitsata bwino mabampu a msewu. Aurelia inalinso pakati pa magalimoto oyamba kutuluka m'fakitale atavala matayala a radial a Michelin X, amene ankagwira msewu kuposa matayala a masiku amenewo. Zonsezi zikaphatikizana zimatulutsa galimoto imene sithamanga modabwitsa pamsewu wowongoka, koma imene sifuna kuchepetsa liwiro kwambiri ikafika pakona, ndipo m'dziko la mapiri ngati Italy zimenezi n'zofunika kuposa mphamvu za injini.

Umboni wake unaoneka mu April 1951 pa Mille Miglia, mpikisano wa makilomita pafupifupi 1,600 wochoka ku Brescia kupita ku Roma ndi kubwereranso, pa misewu wamba imene anthu ankayendamo tsiku ndi tsiku. Chaka chimenecho kunagwa mvula. Giovanni Bracco, pamodzi ndi mnzake Umberto Maglioli, analowa ndi Aurelia B20 ya injini yosakwana malita awiri, imene pochoka m'fakitale inkatulutsa mahosipawa 75 okha. Amene anapambana anali Luigi Villoresi ndi Ferrari 340 America, yokhala ndi masilinda 12 ndi malita 4.1, koma amene anabwera wachiwiri, mphindi pafupifupi 20 zokha pambuyo pake pa mpikisano wa maola 13, anali Bracco. Taganizani, a Mkonzi, galimoto ya denga ndi buti, imene dokotala kapena loya ankatha kukagula kusitolo ya Lancia, kusiya m'mbuyo magalimoto ambirimbiri opangidwira mpikisano basi, n'kutsala pang'ono kuchititsa manyazi Ferrari ya injini yoposa kawiri kukula kwake. Miyezi iwiri pambuyo pake Bracco yemweyo, ali ndi Giovanni Lurani, anapambana m'gulu la injini za malita awiri pa mpikisano wa maola 24 ku Le Mans. Mu 1952 Felice Bonetto anapambana ndi Aurelia mpikisano wa Targa Florio pa chilumba cha Sicilia, Aurelia zinzake ziwiri zikumutsatira pa nambala 2 ndi 3, ndipo mu 1954 Louis Chiron, nayenso ali ndi Aurelia, anatenga chikho cha rale ya Monte Carlo.

Maonekedwe ake ndi amene amasokoneza anthu amene azolowera kuti galimoto ya ku Italy iyenera kukuwa. Aurelia B20 sikuwa. Denga lake limatsetsereka kuchoka pamwamba pa galasi lakutsogolo mpaka kumchira mu mzere umodzi wosadukiza, zokongoletsa zonyezimira n'zochepa, ndipo munthu wosaidziwa atha kuidutsa osacheuka. Kapangidwe koyamba kamatchulidwa kuti n'ka Felice Mario Boano, mabodi oyambirira anamangidwa ndi kampani ya Viotti, kenako ntchito yonse inapita kwa Pinin Farina, katswiri wopanga mabodi a magalimoto, amene anapitiriza kusalaza mizere yake chaka ndi chaka. Chinthu china chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti, ngakhale ku Italy magalimoto amayenda kumanja kwa msewu, Aurelia zoyambirira zinali ndi chiwongolero kumanja. Chifukwa chimene chimaperekedwa n'chakuti m'misewu yopapatiza ya m'mapiri woyendetsa ankafuna kuona bwino m'mphepete mwa phompho. Za chiwongolero kumanzere, zotchedwa B20 S, zinayamba kupezeka cha m'ma 1954.

Tsopano ndifike pa nkhani ya osonkhanitsa magalimoto akale, ndipo ndivomereze kuti kuchepa kwa chinthu kuli ndi gawo lake pa mtengo. Aurelia B20 zonse zimene zinapangidwa ndi 3,871, m'mitundu isanu ndi umodzi yotsatizana, ndipo zambiri mwa izo dzimbiri ndi ngozi zinadya kalekale. Komabe anthu amene amaidziwa bwino galimotoyi akakumana sakambirana za chiwerengero chimenecho. Amatsutsana za mtundu umene uli wabwino koposa. Ena amakonda mtundu woyamba, umene anapanga 500 zokha, chifukwa ndi wopepuka ndiponso ndi umene Bracco anayendetsa. Ena amati wachitatu, wa 1953, pamene injini inakula kufika malita 2.5 ndi mahosipawa 118, ndipo liwiro linafika makilomita 185 pa ola. Ambiri amaima pa wachinayi, wa 1954, umene unalandira ekiselo ya kumbuyo ya mtundu wa De Dion, imene inachepetsa chizolowezi cha mitundu yoyamba choponya mchira kunja pakona woyendetsa akapupuluma. Mitundu iwiri yomaliza inali yolemererapo, yofatsa ndi yabata m'kati, yopangidwira munthu wofuna kufika ku Nice, m'dziko la France, asanatope osati wofuna chikho. Mkangano wonsewu ndi wa kayendedwe, ndipo munthu amene sanakhalepo pa chiwongolero alibe choti anene pamenepo.

Palinso chinthu china chimene chimakweza mtengo wa Aurelia, ndipo chimenechi chimagwirizana ndi mfundo yanga. Mille Miglia yeniyeni inathetsedwa mu 1957, Ferrari ya Alfonso de Portago itachita ngozi pafupi ndi mudzi wa Guidizzolo n'kupha iye, mnzake wa m'galimoto, ndi oonerera asanu ndi anayi, ena mwa iwo ana. Masiku ano mwambowu umachitika chaka ndi chaka ngati ulendo wokumbukira, wopikisana pa kusunga nthawi osati pa liwiro, ndipo amene amaloledwa ndi magalimoto a mitundu imene inalowa mumpikisano weniweni pakati pa 1927 ndi 1957. Aurelia B20 ili pa mndandanda umenewo. Choncho mbali ina ya ndalama zimene wogula amalipira ndi ya ufulu wodzuka m'mamawa ku Brescia, kuliza injini, n'kudutsa ku Siena ndi m'mapiri a Futa ndi Raticosa anthu akuimba m'manja m'mbali mwa msewu. Ngakhale msika weniweniwo ukuvomereza kuti galimoto imene ili ndi kopita ndi yamtengo kuposa imene ilibe.

Nanga n'chifukwa chiyani Aurelia B20 wamba, yosamalidwa bwino, sifika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo 100 a mtengo wa Ferrari ija? Mbali ina ya yankho ndi yoti 250 GTO zinapangidwa 36 zokha, koma mbali yaikulu ndi dzina. Gianni Lancia anatengeka ndi mipikisano, analowa mu Formula One ndi galimoto ya D50, ndipo ndalama za kampani zinathera kumeneko. Alberto Ascari, dalaivala wake wamkulu, atamwalira pa ngozi ku Monza mu May 1955, magalimoto a D50 anaperekedwa kwa Ferrari, amene anapambana nawo mpikisano wa dziko lonse mu 1956, Juan Manuel Fangio ali pa chiwongolero. Banja la Lancia linagulitsa kampaniyo kwa Carlo Pesenti, mwini mafakitale a simenti, ndipo mu 1969 inagwera m'manja mwa Fiat. Inadzukanso pa mipikisano ya rale ndi magalimoto a Stratos komanso Delta, imene inatenga chikho cha opanga magalimoto zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana kuyambira 1987 mpaka 1992, koma pambuyo pake dzinalo linazimirira m'mayiko ambiri. Ferrari imaoneka pa wailesi yakanema nyengo iliyonse ya mipikisano, ndipo mwana aliyense amadziwa kavalo wake wodumpha. Mtengo wa pa okushoni umatsatira kutchuka kwa lero kwa kampani, ndipo sutiuza zambiri za luso limene linalowa m'galimoto zaka 70 zapitazo.

Sindikufuna kuti owerenga aganize kuti kukhala ndi Aurelia n'kosavuta. Popeza bodi yake ndiyo imanyamula galimoto yonse, dzimbiri likalowa pansi pa zitseko ndi m'malo amene masipuling'i amagwira, silimangowononga maonekedwe koma limadya mafupa enieni a galimotoyo. Penti yowala itha kubisa zonsezi kwa zaka zingapo, ndipo pano mwambi uja woti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere umagwira ntchito ndendende. Injini ya aluminiyamu imene yakhala zaka zambiri ndi madzi akale m'kati imadyeka m'njira za madzi, ndipo shafuti yaitali yochoka ku injini kupita ku giyabokosi ya kumbuyo imazungulira pa liwiro la injini nthawi zonse, moti ikangopotoka pang'ono galimoto yonse imanjenjemera, n'kuwononga kusalala komwe De Virgilio anavutikira. Amakaniko odziwa kukonza zimenezi ndi ochepa, ndipo kawirikawiri ndalama zokonzera Aurelia yowonongeka zimaposa mtengo umene ingagulitsidwe ikatha kukonzedwa. Munthu amene amaigula kuti adzapindulepo ndalama ndiye kuti sanawerengetse bwino.

Pa kukonza komweko ndi pamene pali mkangano wina umene ndikufuna kunenapo maganizo anga. Kwa zaka zambiri mwambo unali wophwasula galimoto yonse, kusintha chikopa cha mipando, kupenta mwatsopano, mpaka iwale kuposa tsiku limene inatuluka m'fakitale. Kenako mphepo inatembenuka. Mu February 2015, magalimoto pafupifupi 60 amene wamalonda wina dzina lake Roger Baillon anawasiya m'mashedi kumadzulo kwa France anagulitsidwa ku Paris ali ndi fumbi lawo, ndipo Ferrari 250 GT California Spider imene inapezeka itakwiriridwa ndi milu ya magazini inagulidwa pa mayuro 16.3 miliyoni. Ogula anayamba kulemekeza chikopa chakale chong'aluka ndi penti yofwifwa, ponena kuti galimoto imakhala yapachiyambi kamodzi kokha. Mfundoyi ndimaivomereza, ndipo ndimavomerezanso kuti nambala ya injini igwirizane ndi ya bodi monga zinalembedwera m'mabuku a fakitale. Chimene sindivomereza ndi pamene fumbi lenilenilo lasanduka katundu wamalonda, mpaka mwini galimoto n'kumaopa kusintha mapaipi a mabuleki kapena kutsuka thanki ya petulo poopa kuti mtengo utsika. Galimoto yoti singaime ikafika pamphambano sinasungidwe, yangosiyidwa.

Funso la kusintha zinthu lilinso ndi mbali ziwiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 eni Aurelia ankapita nazo kwa Enrico Nardi, katswiri wosintha magalimoto ku Torino, kuti akachotse giya ya pa chiwongolero n'kuika ya pansi, kuwonjezera kabureta yachiwiri, ndi kuvalika chiwongolero chake chamatabwa. Zosintha zimenezi lero zimalandiridwa ngati mbali ya mbiri ya galimotoyo, ndipo Aurelia yokhala ndi zipangizo zenizeni za Nardi imafunidwa kwambiri. Galimoto ya Bracco nayonso inatsitsidwa denga isanapite ku mpikisano wa Carrera Panamericana ku Mexico kumapeto kwa 1951, n'cholinga choti izidula mphepo bwino. M'zaka zaposachedwapa akatswiri ena a ku England atengera chitsanzo chimenecho, kumadula madenga a Aurelia zina n'kuikamo injini zazikulu za Lancia Flaminia. Ntchito yawo ndi yaluso, ndipo ngati bodi inali itawola kale moti palibe akanaipulumutsa, ndilibe nawo mlandu. Koma denga la Bracco linatsitsidwa pofuna kupambana mpikisano, pamene awa amatsitsa pofuna kuti galimoto ifanane ndi chithunzi, ndipo B20 iliyonse yabwinobwino imene yadulidwa sidzabwereranso mmene Pinin Farina anaisiyira.

Wina anganditsutse kuti galimoto ya zaka zoposa 65, yopanda malamba ndiponso ya mabuleki a dramu, siyenera kuyenda pakati pa malole ndi magalimoto amakono, ndipo kuti kuitsekera m'chipinda chouma ndiyo njira yokhayo yoti zidzukulu zathu zidzaione. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo kwa galimoto imodzi kapena ziwiri za mbiri yapadera, monga ya Bracco ija, sindingaitsutse kwambiri. Koma makina saima bwino. Rabara imauma, mafuta amatsika n'kusiya zitsulo pamtunda, madzi amadya aluminiyamu mwakachetechete, ndipo choopsa koposa n'chakuti luso limatha. Makaniko wachinyamata amaphunzira kutchuna makabureta awiri kuti azipuma mofanana pokhapokha ngati pali eni magalimoto amene amabwera nawo atayenda makilomita masauzande. Kampani yaing'ono imapanga mapisitoni ndi magasiketi a injini ya 1953 pokhapokha ngati pali injini zimene zikutha chifukwa chogwira ntchito. Aurelia zonse zikatsekeredwa, pakatha m'badwo umodzi padzakhala magalimoto ambiri owala koma popanda munthu wodziwa kuwadzutsa.

N'chifukwa chake ndikupempha, a Mkonzi, kuti ulendo wina mtolankhani wanu akadzalemba za galimoto yakale ya ku Italy imene yagulitsidwa pa mtengo wododometsa, adzasungeko ndime imodzi yotiuza amene anaipanga, vuto limene ankafuna kuthetsa, ndi tsiku limene galimotoyo inayenda komaliza ndi mphamvu ya injini yake. Ngati ndi Aurelia B20, adzafunsenso kuti ndi ya mtundu wachingati, ndiponso ngati giya yake idakali pa chiwongolero kapena inadutsa kwa Nardi.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda magalimoto akale